Matumbo nawonso amalawa, ndipo ali ndi nambala ya ubongo

Loweruka lapitali ndinakaswera ku Chibavi kwa achemwali anga, kunja kukugwa kamvula kaja ka kuno ku Mzuzu kosadziwa kalendala, ndiye iwo anaphika kondowole, usipa wa ku Nkhata Bay wokazinga ndi tomato, pambali mpiru wotendera. Tinadya cha m'ma 1 koloko. Mpaka usiku ine sindinafunenso kanthu, olo tiyi amene anandipatsa ndisananyamuke ndinangomwa mwaulemu basi. Lolemba lake ndili m'tauni ndathamangathamanga, ndinagula mabanzi awiri ndi Fanta, ndinakhuta ndithu mpaka kugeya, koma isanakwane 4 koloko njala inali itabwerera kale ngati munthu amene uli naye ngongole. Nditawauza alamu anga anangoseka, amvekere "alamu, kondowole ndi simenti, ikalowa imakakhala pansi, mabanzi anuwo ndi mphepo chabe."

Sikuti akunama kwenikweni alamuwo. Chifu chikatamuka, pali mitsempha imene imamva kutamukako nkukanena ku ubongo kuti kwadzadza kuno. Koma zikanakhala kuti nkhani yonse ndi yomweyo, bwenzi munthu akumwa makapu anayi a madzi nkukhala wokhuta tsiku lonse, ndipo tonse amene tinagonapo ndi madzi okha tikudziwa kuti sizitheka. Thupi silingoyeza kulemera kwa zimene zalowa, limafuna kudziwanso kuti zalowazo ndi chani, ndi shuga kodi, ndi mafuta, ndi nyama, kapena ndi poizoni. Lilime limalawa koyamba, koma kulawa kumene thupi limakhulupilira kumachitika kutsogolo, m'matumbo, inu musakumva kukoma kulikonse.

Ine ndimaphunzitsa biology pa sekondale ina kuno, ndipo silabasi imatiuza zambiri za ma enzyme ndi momwe chakudya chimagayidwira, koma za maselo amene ndikufuna kunena apawa imangodutsapo. Amene munatsukapo matumbo a mbuzi mukudziwa kuti mukawatembenuza mkati mwake mumakhala moterera, mofewa. Pamwamba penipeni pa kufewako pali kakhungu kopyapyala kwambiri, mzere umodzi wokha wa maselo, ndipo kakhungu kameneka kamasinthidwa pafupifupi konse m'masiku atatu mpaka asanu. Ambiri mwa maselo amenewo ntchito yawo ndi kuyamwa chakudya. Koma mwa apo ndi apo muli ena osiyana, safika olo limodzi pa maselo 100 alionse, dzina lawo ndi enteroendocrine cells. Ndi ochepa eya, koma poti matumbo ang'ono okha amatalika pafupifupi mamita 6, mukawaphatikiza onse kuyambira m'chifu mpaka kumatumbo akulu ndiwo gulu lalikulu kwambiri m'thupi lonse lopanga mahomoni, mankhwala amene amanyamula mauthenga kuchoka pa chiwalo china kupita pa chinzake.

Kaonekedwe kake tangoganizani botolo la Fanta lomwe lija. Khosi lake lowonda lasuzumira mkati mwa thumbo mmene mukudutsa chakudya, ndipo pakamwa pake pali timaubweya tokhudza chilichonse chodutsa. Kumatako kwa botolo, kumene kuli kotakata, kwaloza ku magazi ndi ku mitsempha, ndipo kwadzadza timatumba ta mahomoni tongodikira kutulutsidwa. Ali ngati wapolisi wa pa rodibuloko amene satsitsa katundu mu lole, amangosuzumira, nkuona kuti muli matabwa a ku Chikangawa kapena matumba a chimanga, kenako nkudziwitsa akutsogolo.

Apa ndiyambe ndadandaula ndi Chichewa chathuchi pang'ono. Mawu oti mtsempha timawagwiritsa ntchito pa zinthu ziwiri, njira ya magazi komanso njira ya mauthenga opita ku ubongo, ndipo nkhani yonseyi yagona pa kusiyana kwa ziwirizo. Ndiye ndikati mtsempha basi, ndikunena wa mauthenga, uli ngati waya. Wa magazi ndiziutchula kuti wa magazi.

Mkangano woti matumbo amatumiza mauthenga awo kudzera m'mitsempha kapena m'magazi ndi wakale. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 katswiri wamkulu pa za kugaya chakudya anali Ivan Pavlov wa ku Russia, yemwe uja wa agalu otuluka dovu, ndipo analandira Nobel mu 1904 chifukwa cha ntchito imeneyi. Iye ankakhulupilira kuti chakudya chikafika m'matumbo, kapamba amauzidwa kudzera m'mitsempha kuti atulutse madzi ake ogayira. Mu Januwale 1902 ku University College London, William Bayliss ndi Ernest Starling, amene analinso pachilamu ngati ine ndi mkulu wa ku Chibavi uja, anatenga chigawo cha thumbo la galu wogonekedwa tulo, anadula mitsempha yonse imene anaiona yopita pamenepo, nkusiya njira za magazi zokha. Atathira asidi m'chigawo chija, kapamba anayamba kudontha madzi ake ngati palibe chadulidwa. Ndiye anapala kakhungu ka mkati mwa thumbo, anakasinja pamodzi ndi mchenga ndi asidi, anasefa, nkubaya madziwo mu mtsempha wa magazi, kapamba anakhuthula zenizeni. Chinthu chimenecho anachitcha secretin. Mu 1905 Starling ndi amene anabweretsa mawu oti hormone, ochokera ku Chigiriki, tanthauzo lake kudzutsa kapena kutakasa. Ndiye homoni yoyamba kudziwika padziko sinali ya kutha msinkhu ayi, olo kuti ana anga a Fomu 3 akamva mawuwa amayamba kuseka, inali ya m'matumbo.

Kuchokera pamenepo mndandanda unangokulirakulira. Gastrin, yochokera m'chifu, imene imauza chifu chomwecho kuti chithire asidi. Ina yotchedwa CCK mu 1928. Ena ambiri pambuyo pake. Ndipo kwa zaka pafupifupi 100 chithunzi chinali choti maselo amenewa amalemba kalata nkuiponya m'magazi, kalatayo nkumayenda thupi lonse mpaka itapeza mwini wake.

Tsopano amadziwa bwanji chimene chadutsa? Tiyambe ndi shuga poti ndi amene ali ndi kankhani kokoma. Nsima, kondowole, mpunga wa ku Karonga, banzi, zonsezi zikagayidwa zimathera ku glucose. Pakamwa pa botolo paja pali kachitseko kotchedwa SGLT1, ndipo kachitseko kameneka kali ndi khalidwe lake, sikalowetsa glucose yekha, amayenera kulowa atagwirana ndi sodium, yemwe uja wa mu mchere, awiri a sodium pa glucose mmodzi. Sodium ali ndi mphamvu ya magetsi pang'ono, ndiye akalowa wambiri magetsi a mkati mwa selo amasintha, zitseko za calcium zimatseguka, calcium akalowa timatumba tija ta kumatako timaphulikira kunja. Selo silinaganize kanthu, langowerenga magetsi. Ndipo ngati munasungunulirapo mwana Thanzi ORS atatsegula m'mimba, munagwiritsa ntchito kachitseko komweka, chifukwa maselo oyamwa chakudya nawonso ali nako. Nchifukwa chake mu paketi muja muli shuga ndi mchere pamodzi, shuga amakoka mchere, mchere umakoka madzi. Amene anayamba kufotokoza za kulowera limodzi kumeneku ndi Robert Crane mu 1960, ndipo miyoyo ya ana imene yapulumuka chifukwa cha nzeru imeneyo ndi yosawerengeka.

Mafuta ali ndi njira ina. Amayamba aphwanyidwa kaye kukhala tizidutswa, ndiye tizidutswato timakakhala pa timaloko ta pa selo, mayina ake FFAR1 ndi FFAR4, monga kiyi amalowera pa loko wake. Mapuloteni a mu usipa, nyemba, mazira nawonso akaphwanyidwa ali ndi maloko awo. Mayinawo musavutike nawo. Chofunika ndi choti chigawo choyambilira cha matumbo ang'ono, duodenum, chikamva mafuta ndi mapuloteni chimatulutsa CCK, ndipo CCK ndi kapitawo wovuta. Amafinya ndulu kuti ithire madzi ake owawa aja osungunula mafuta, amauza kapamba kuti atumize ma enzyme, amauza khomo lotulukira m'chifu kuti lichepetse liwiro chakudya chizituluka pang'onopang'ono, komanso amakodola mtsempha wopita ku ubongo kuti munthuyu asiye kudya. Mu 1973 James Gibbs ndi Gerard Smith ndi mnzawo ku America anaonetsa kuti makoswe akabayidwa CCK amasiya chakudya msanga.

Apa ndi pamene ndimasiyana ndi alamu anga. Kondowole payokha ndi sitachi pafupifupi yense, mapuloteni ochepa zedi, mafuta ngati mulibe. Amene anagwira ntchito yaikulu Loweruka lija ndi usipa uja ndi nsinjiro za mu mpiru, dende monga amanenera eni dera kuno. Ndiwo ndi zimene zinadzutsa CCK nkutseka khomo la chifu, kondowole nkumatuluka mwa ulesi masana onse. Mabanzi ndi Fanta analibe wowaimitsa. Zamadzimadzi zimadutsa m'chifu mothamanga, ufa wa banzi ndi wosalala umagayika msanga, shuga yense anayamwidwa kumtunda komweko, nkhani nkutha.

Kumunsi kwa matumbo ang'ono ndi m'matumbo akulu kuli maselo ambiri otchedwa L, amene amatulutsa GLP-1 ndi PYY. Awa chakudya chikawapeza amatumiza uthenga kumtunda kuti tachepetsani, kuno katundu wachuluka, ndipo matumbo onse amayenda modekha, njala nkuzilala. GLP-1 pamodzi ndi mnzake GIP wa kumtunda alinso ndi ntchito ina yofunika kwa aliyense amene ali ndi wachibale wodwala shuga, ndipo masiku ano ndani alibe. Amachenjeza kapamba kuti shuga akubwera konza insulin, homoni yotsitsa shuga m'magazi. Zinaoneka bwino mu 1964 kuti munthu akamwa glucose thupi limatulutsa insulin wambiri kuposa ngati glucose yemweyo alowa pa diripi. Pa diripi shuga walowera pawindo, wa pa rodibuloko sanamuone. Pa matenda a shuga a mtundu wachiwiri chenjezo limeneli limakhala lofooka.

Koma pali chinthu chimene chinkasokoneza. GLP-1 akangotuluka sakhalitsa, pamphindi ziwiri zokha theka lake limakhala litaphwanyidwa kale ndi enzyme yotchedwa DPP-4, ndipo wambiri amathera pafupi pomwepo asanapite patali. Kalata yanji yong'ambika isanafike pa depoti? Yankho lina ndi loti owerenga kalatayo ali pafupi, nsonga za mtsempha wotchedwa vagus zili pansi pomwepo pa kakhungu kaja. Vagus ndi mtsempha wautali, umachoka kumunsi kwa ubongo cha kunkhongo, kutsika m'khosi mbali zonse ziwiri, kudutsa pa mtima ndi mapapo mpaka m'mimba, dzina lake m'Chilatini ndi woyendayenda. Chimene ambiri sadziwa nchoti pafupifupi 80 peresenti ya timawaya ta mkati mwake timanyamula mauthenga okwera, kuchoka ku ziwalo kupita ku ubongo. Timaganiza kuti mutu ndi bwana wongolamula, koma pa mseu umenewu magalimoto ambiri ndi opita ku likulu ndi malipoti. Malipotiwo amafikira pa kamalo kotchedwa nucleus tractus solitarius, kuchoka apo nkugawidwa kupita ku hypothalamus kumene kumayendetsedwa njala, ndi ku zigawo zimene zimapangitsa munthu kufunanso chinthu chimene chinamukomera.

Ndiye kunabwera mkulu wina wochokera ku Ecuador, Diego Bohórquez, amene anayamba ndi maphunziro a zaulimi ndi kadyedwe ka ziweto asanakafike ku Duke University ku America. Iye poyang'anitsitsa maselo amenewa anaona kuti ena ali ndi kamwendo kotuluka kumatako kuja, ndipo mu 2015 iye ndi Rodger Liddle ndi anzawo analemba kuti kamwendoko kamakhudzana ndi mitsempha. Mu 2018 gulu lake, wotsogolera ntchitoyo Maya Kaelberer, linatulutsa mu magazini ya Science umboni umene unagwedeza anthu. Njira yake ndimaikonda. Kachilombo ka chiwewe, komwe kaja timaopa galu akatiluma, luso lake ndi kudumpha kuchoka pa selo la mtsempha kupita pa linzake kudzera polumikizira. Iwo anakasintha kuti kaziwala mobiriwira komanso kasapitilire patali, anakaika m'matumbo a mbewa, ndipo kuwala kuja kunapezeka kuti kwachoka m'maselo a m'matumbo aja kwalowa m'mitsempha ya vagus. Kutanthauza kuti pali polumikizira penipeni, synapse, ngati mmene maselo a mu ubongo amagwiranirana. Atathira shuga, uthenga unadumpha isanakwane olo sekondi imodzi, ndipo chonyamula uthengawo sichinali homoni, chinali glutamate, mankhwala omwewo amene maselo a mu ubongo amalankhulirana. Maselo a kamwendowa anawatcha neuropod cells.

Choncho selo limodzi lomwelo limatha kuchita ziwiri, kuimba foni pompopompo komanso kuponya kalata yofika pakapita mphindi. Pavlov akanakhala moyo bwenzi akuti ndinkanena ine. Iye ndi achina Starling onse anali ndi mbali yawo yoona, kungoti zida zoonera kamwendo kakang'ono chotero kunalibe nthawi imeneyo.

Foni yachanguyo ntchito yake nchani poti munthu sumva kanthu? Apa ndi pamene nkhaniyi imandikhudza. Azakhali anga ena anawapeza ndi shuga zaka zapitazo, anasiya shuga wa mu tiyi nkuyamba timapilisi totsekemera tija ndi zakumwa zolembedwa zero. Amanena okha kuti "mwanawe, kutsekemera kulipo koma mtima sukhazikika," ndipo tinkawaseka kuti ndi nkhuli chabe. Koma tamverani za mbewa. Mu 2008 Ivan de Araujo ndi anzake anaonetsa kuti mbewa zimene zinabadwa zosatha kumva kutsekemera pa lilime zimaphunzirabe kukonda madzi a shuga kuposa madzi wamba. Mu 2020 gulu la Charles Zuker ku Columbia University linaikira mbewa mabotolo awiri, lina la shuga lina la zotsekemera zopanga zopanda mphamvu, poyamba zinkamwa konsekonse koma pofika masiku awiri zinali zitakhamukira ku shuga weniweni. Anapeza kuti chizindikiro chikuchokera m'matumbo, kudzera pa kachitseko kaja ka SGLT1, kukwera ndi vagus. Zotsekemera zopanga zimanamiza lilime koma pa kachitseko kaja sizilowa. Mu 2022 gulu la Bohórquez linapitiliza, linalowetsa kawaya kofewa kowunikira m'matumbo a mbewa kuti lizimitse maselo a kamwendo aja ndi kuwala mbewa ikumwa, ndipo atazimitsidwa mbewa inasiya kukondera shuga weniweni. Chaka chomwecho a Zuker anaonetsanso njira yofanana nayo ya mafuta.

Izi ndi za mbewa, ndipo munthu si mbewa, ife tili ndi zizolowezi, manyazi, malonda a pa wailesi ndi mitengo ya pamsika zimene zimatisankhira chakudya. Komanso azakhali asamve molakwika, kusiya shuga kuja anachita bwino ndipo apitilize monga anawauzira adokotala. Koma ine kuwaseka ndinasiya. Kukoma kwa pakamwa ndi kufuna kwa thupi zimayenda mawaya osiyana, lilime limati zakoma, matumbo nkumati ife sitinalandire kanthu.

Pali gulu lina la maselo omwewa limene ntchito yake yaikulu ndi ulonda, dzina lawo enterochromaffin cells. Awa amapanga serotonin. Pa intaneti mumva anthu akuitcha homoni ya chisangalalo, nkumati poti pafupifupi 90 peresenti ya serotonin wa m'thupi ali m'matumbo ndiye kuti chisangalalo chimapangidwa m'mimba, gulani mankhwala athu awa. Bodza lokometsera malonda limenelo. Nambalayo ndi yoona koma serotonin wa m'matumbo sawoloka kulowa mu ubongo, ubongo umapanga wakewake. Wa m'matumboyu ntchito yake ndi kuyendetsa matumbo, kuwathira madzi, ndi kukuwa zinthu zikavuta. Maselo amenewa amamva kukhudzidwa chakudya chikamawakankha, ndipo amauza mitsempha ya m'khoma la matumbo momwemo, imene ilipo mamiliyoni mazanamazana ndipo imatha kuyendetsa chakudya payokha osafunsa ku mutu. Mu 2017 gulu la David Julius ku San Francisco, yemwe anadzalandira Nobel mu 2021 pa za momwe timamvera kutentha ndi tsabola, linaonetsa kuti maselowa ali ndi kachitseko kotchedwa TRPA1 kamene kamatseguka ndi mankhwala oyabwa a m'gulu la mpiru. Kafungo kolasa m'mphuno kaja mukamadula mpiru wokhwima, matumbo nawo ali ndi pokamvera.

Chinthu choipa chikalowa maselo amenewa amakhuthula serotonin wambiri nthawi imodzi, iye nkukamenya maloko otchedwa 5-HT3 pa nsonga za vagus, uthenga nkufika kunkhongo kuja, pafupi ndi kamalo kena kotchedwa area postrema kamene kamalawa magazi kufufuza poizoni. Zotsatira zake mukuzidziwa, malovu kudzadza mkamwa, thukuta lozizira, kenako kusanza. Rotavirus, amene ankagoneka ana ambiri m'zipatala katemera wake asanayambe kuno ku Malawi mu 2012, amasanzitsa podzera njira imeneyi. Poizoni wa kolera nayenso amatokosa maselo omwewa, ndipo mbali ina ya madzi aja otuluka ngati mpopi imachokera ku mitsempha ya m'matumbo imene yalamulidwa kutsuka. Mankhwala ena a khansa monga cisplatin amawatokosanso, nchifukwa chake odwala amasanza kwambiri akalandira, ndipo mankhwala oletsa kusanzako otchedwa ondansetron ntchito yake ndi kutseka loko wa 5-HT3 uja kuti foni isalowe. Mlonda akukuwabe koma waya wadulidwa.

Ndipo muli anthu ena m'nkhaniyi amene sindinawatchule, mabakiteriya. Gaga wa mu mgaiwa, makoko a nyemba, ulusi wa mu chigwada ndi nkhwani, ife tilibe ma enzyme ogayira zimenezo, zimadutsa matumbo ang'ono osakhudzidwa mpaka kumatumbo akulu. Kumeneko mabakiteriya amazifufumitsa ngati mmene thobwa limasasira, nkutulutsa timafuta tatifupi, acetate, propionate ndi butyrate, kuphatikizapo mpweya uja umatichititsa manyazi mu minibasi. Maselo a L aja ali ndi maloko a timafuta timeneti, FFAR2 ndi FFAR3, ndiye amatulutsa GLP-1 ndi PYY patapita maola chidyereni. Apa ndimaganiza za momwe tinakulira, mgaiwa unkaoneka ngati chakudya cha kusukulu yogonera konko ndi cha anthu osauka, ufa woyera ndiye wa ulemu, wopatsa alendo. Tinkakonola chimanga, kuviika, kutaya gaga kupatsa nkhumba, ndiye kuti nkhumba zinkadya gawo limene maselo a kumunsi amadikira. Masiku ano kuchipatala odwala shuga akuuzidwa kuti abwerere ku mgaiwa womwe uja.

Mwina munamvapo za Ozempic, jakisoni amene anthu otchuka kunja akuonda naye. Ndi nkhani yomweyi. GLP-1 anadziwika bwino m'zaka za m'ma 1980 kudzera mu ntchito ya anthu monga Svetlana Mojsov, Joel Habener, Daniel Drucker ndi Jens Juul Holst, koma vuto linali lija loti amaphwanyika pamphindi zochepa, sungapange mankhwala otero. Mu 1992 dokotala wina wa ku New York, John Eng, anapeza chinthu chofanana naye m'malovu a poizoni a buluzi wamkulu wa m'chipululu cha ku America wotchedwa Gila monster, ndipo chimenecho DPP-4 sachiphwanya msanga. Kuchokera apo kunabadwa exenatide amene analoledwa mu 2005. Semaglutide, amene ndiye ali mu Ozempic wa kampani ya Novo Nordisk ya ku Denmark, analoledwa ku America mu 2017, ndipo amakhala m'thupi nthawi yaitali moti jakisoni ndi kamodzi pa sabata. Kusiyana kwake ndi GLP-1 wachilengedwe nkwakukulu, wachilengedwe amanong'ona kwa mphindi zochepa munthu akadya, uyu amakuwa usana ndi usiku ndipo amakafika yekha ku zigawo za ubongo zoyang'anira njala. Nchifukwa chake amathetsa chilakolako cha chakudya, nchifukwa chakenso ambiri amamva nseru akayamba, poti kukhuta ndi nseru nyumba zawo ndi zoyandikana kunkhongo kuja. Kwa ambiri a ife mtengo wake ndi wa maloto, ndipo zobayitsa zogula pa WhatsApp kwa munthu wosadziwika musayerekeze. Koma metformin amene azakhali amalandira, kapilisi wamba uja, mbali ina ya ntchito yake amaigwirira m'matumbo momwemo ndipo amakweza GLP-1, nchifukwa chake ena amawasokoneza m'mimba masiku oyamba.

Yatsala homoni imodzi, ya njala yeniyeniyo. Pafupifupi onse ndatchulawa amati siya kudya, koma ghrelin, amene anapezedwa ku Japan mu 1999 ndi Masayasu Kojima ndi Kenji Kangawa ndi anzawo, amati kadye. Amachokera m'chifu, ndipo maselo ake ambiri ndi osiyana ndi botolo lija, alibe khosi losuzumira ku chakudya, amamvera za m'magazi ndi za mitsempha. Amakwera chakudya chisanafike nkutsika munthu akadya, ndipo amaphunzira wotchi yanu, ngati mumadya 12 koloko tsiku lililonse iye amayamba kukwera nthawi imeneyo isanakwane. Piriyodi yomaliza tisanaweruke masana ine ndimadziwa kuti sindikuphunzitsa ana, ndikulimbana ndi ghrelin wa anthu 70. Chosangalatsa nchoti madzi okha kungodzadza chifu samutsitsa kwenikweni, amatsika bwino chakudya chikafika m'matumbo ndi kuyamwidwa, ndipo mapuloteni amamugoneka nthawi yaitali kuposa zotsekemera zakumwa.

Dzulo madzulo ndinakumana nawo alamu aja pa Katoto akudikira kabaza, ndinayesa kuwafotokozera zonsezi mwachidule, za botolo, za galu wa ku London, za chiwewe chowala. Anamvetsera mpaka kumapeto manja ali m'thumba la jekete chifukwa cha kuzizira, kenako amvekere "ndiye mukuti simenti ndi usipa osati kondowole?" Ndinati eya, usipa ndi nsinjiro zija. Anapukusa mutu nkuti ndisakayerekeze kukanena zimenezo kwa achemwali anga, chifukwa ndi mmene wakwerera usipa pamsika iwo anali atayamba kale kuwanyengerera kuti kambale kamodzi kazikwana masiku awiri.